Usiku Wotseka Mazenera

Paketi inafika m'bokosi la ayezi,
ufa woyera ngati wophikira buledi.
Remedios ananunkhiza, naseka:
"Ndalama zonse zija ndagula chuku?"

Chuku ndithu, chamoyo, chili m'tulo.
Chikatera pamsana pa ntchentche yoyera
chimamera kamuzu, n'kuboola khungu,
n'kudya mwininyumba kuyambira m'kati.
Koma chiyambe chamwa.
Pouma sichidzuka.

Ulendo woyamba anapopera dzuwa lili paliwombo,
mphepo ya m'mapiri a Gádor ikulowa mazenera onse,
yowuma ngati mpweya wa mu uvuni.
Singano yoyeza chinyezi inaima pa makumi anayi.
Patatha sabata anagwedeza tsinde la tomato,
ntchentche zinati bwii ngati phulusa,
zamoyo zonse,
masamba akunata ndi uchi wakuda.

Bambo ake, a Fulgencio, atakhala pa kireti pakhomo:
"Nthawi yanga tinkathira kamodzi,
kukacha kuli zii."
Chifuwa cha mankhwala a zaka makumi atatu
chinawalanda mawu otsalawo.

Driss, amene wakhala akutengulira mizere iyi
kuyambira ali mnyamata wopanda ndevu,
anati tidikire dzuwa lilowe.
Anathira madzi m'tinjira ta mchenga,
anatsitsa mazenera limodzi limodzi,
denga la pulasitiki linayamba thukuta.
Singano inakwera, makumi asanu ndi awiri,
inapuma, inakweranso.
Malaya anamata pamsana.
Anapopera kunsi kwa masamba, kumene zimabisala,
tochi ili pamphumi.

Remedios sanagone.
Chinyezi sichisankha mwana:
chikadzutsa chuku chogula
chimadzutsanso mbale wake wotuwa,
uja wosaitanidwa, wokonda bala la pa tsinde,
amene chaka chatha anadya theka la munda.
Ukatseka, tomato awola.
Ukatsegula, ntchentche zisekerera.
Anakhala m'galimoto, foni pa bondo,
akuwerenga maola ngati mzamba,
El Ejido yense ali mbuu pansi pa mwezi,
nyanja ya pulasitiki yopanda nsomba.

Isanakwane faifi anapukusa chogwirira.
Mpweya wa mchere unalowa,
madontho a padenga anamugwera m'khosi.

Usiku utatu anachita chimodzimodzi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi
Driss anatembenuza tsamba, namupatsa galasi lokuzira.
Zinali pomwepo, zouma gwa,
iliyonse itafunda thonje loyera,
nsalu ya maliro yomera m'thupi mwake momwe.
Zina ziwiri zikuyendabe pakati pa mitembo,
zikupondaponda fumbi.

Kumzere wakumapeto, komwe mphepo sifika,
mitengo inayi inali itavala ubweya wotuwa.
Remedios anaizula, naimanga m'thumba.

A Fulgencio anapempha galasi lija.
Anayang'ana nthawi yaitali, dzanja likunjenjemera,
kenaka anafunsa kuti singano ija
imagulidwa kuti.