Chipsera cha Pakona

Ndinafika pa Dedza boma nkhungu isanachoke m'mapaini,
zala zili gwa ndi chisanu cha Juni,
sandipepa kukhwapa, makina pamsana.
Mai Nasibeko anatsegula lesitilanti
nandilozera kauntala ndi chibwano:
"Akuti mumaibwezera utsikana. Tione."

Si mwala iyi, mai, ngakhale imazizira ngati mwala.
Mtundu wake ndi umodzi mpaka mkati,
ukaisenda pamwamba
umapeza yomweyo pansi, yosakhudzidwa.
Anthufe tikanakhala otero.

Ndinayamba ndi sopo ndi madzi ofunda,
pakuti litsiro limadziwa kunamizira bala.
Kenako tochi ya foni ndinaigoneka chammbali
kuti kuwala kukwawe.
Zonse zinadzuka:
mipeni ya zaka khumi ndi chimodzi
yodula kabichi wa ku Lizulu, kachewere wa ku Bembeke,
makobiri okokedwa ndi madalaiva a mathiraki,
bwalo lachikasu pomwe panatera poto wamoto.
Chikhadabo ndiye dokotala wanga.
Chikadutsa osakodwa, ndi zapamwamba.
Chikakodwa, vula juzi.

Ndinakhwatchakhwatcha pensulo ponseponse,
kuti pomwe ndadumpha pandinenere.
Wanitwente kuyamba, wokhakhala ngati lilime la ng'ombe.
Suthamangira bala lenilenilo,
ukalikumba pamodzimodzi usiya kadzenje
kosunga tiyi wotayika mpaka kalekale.
Umalizungulira, umapita kutali,
umadyako ndi malo osalakwa
kuti olakwawo asaoneke.

Fumbi linakwera, loyera mbuu,
m'nsidze, m'makutu, pa kalendala ya chaka chatha.
Mtsikana wotsuka mbale anaseka:
"Achimwene mwakalamba lero lomwe."

Teni koloko magetsi anathima.
Makina anausa moyo nagona m'manja mwanga.
Basi, kachidutswa ka thabwa, pepala kukulunga,
phewa ligwire ntchito ya waya.
Tutwente afufute mapazi a wanitwente,
firiitwente afufute a tutwente,
aliyense amabwera kudzabisa mkulu wake
ndi mabala ang'onoang'ono kuposa.
Pakati pawo pukuta, pukutanso,
kamchenga kamodzi kotsalira
kakubweza kumene unachokera.

Nditafika pakona, pafupi ndi kabati ya ndalama,
dzanja linagwira mkono wanga.
"Apo ayi."
Ndinagonekanso tochi.
Panali chilembo, Z wopendekera,
wokumbidwa ndi msomali, wakuya.
"Zakeyu ali sitandade wani. Ndinamukwapula tsiku limenelo.
Ali ku Joni, chaka chachinayi,
foni yake imangolira."

Ndinawauza zoona za ntchito:
mukasiya chilumba chidzaoneka,
ponse padzawala, apa padzakhala bii,
makasitomala adzati mmisiri anali waulesi.
Anati, "Adzatero."
Ndipo anapita kukathira makala pambaula.

Ndinamata tepi mozungulira Z,
kabwalo kokwana chikhatho cha mwana.

Foo handiredi ndimamugwiritsa ndi madzi.
Phokoso limatha, kumatsala kunong'ona,
phala loyera likutsetsereka m'zala.
Kenako polishi pakansalu kofewa,
kuzungulira, kuzungulira,
mpaka zenera linayamba kuoneka pansi pa dzanja langa,
kenako phiri, chadodolido,
ndi mlongoti wake ukuloza m'mimba mwa kauntala.

Magetsi anayaka ine ndikumanga chikwama.

Mai Nasibeko anayendetsa chikhatho
kuchokera kukhomo mpaka kukona, see, osakodwa,
ndipo chala chinaima chokha
pomwe chimaima m'mawa uliwonse.
Anawerenga ndalama kawiri,
nandiikira pamtunda posalala, osazikoka.
Anawonjeza chipisi cha m'pepala, chamchere wambiri.

M'minibasi ya ku Ntcheu
kondakitala anayang'ana zala zanga zopanda mizere,
zosalala ngati za khanda, zikuwawa.
Ndinapukusa kolala, fumbi linagwera pa mpando.
Mawa lomwe wina adzadulapo anyezi popanda thabwa,
ndikudziwa.
Nambala yanga ndinailemba kuseri kwa kalendala.