Mayi wa m'Dashibodi

Galimoto ya a Zgambo inalowa pa Songwe Lachiwiri,
Lachisanu inali kale pa galaja yanga ku Luwinga,
ikunjenjemera ngati nayonso yamva chisanu cha Juni.
Nditapotokola kiyi, mayi wina anayankhula m'dashibodi,
mwaulemu, mosathamanga,
m'chilankhulo chopanda pogwira.
Mapu a pa kagalasi ankati tili pakati pa nyanja.

Ndinatuma mnyamata akaitane mphunzitsi wa masamu ku Katoto,
Chizuru, yemwe ana a sukulu amamutcha Chizulu.
Anabwera pa kabaza, atavala jinzi ndi juzi ya pa kaunjika.
Anatchera khutu, kenako anaseka mpaka kutsamira chitseko:
"Akuti mwasochera.
Akuti mukapeza pokhotera, mubwerere."

Pansi pa mpando tinapeza zoiwala eni ake:
kampira kachikopa kosokedwa ndi ulusi wofiira,
lisiti ya nkhuku yokazinga ya usiku wa Khirisimasi,
ndi chithunzi cha ukwati.
Mkwatibwi mu diresi loyera, velo mpaka pansi,
mtanda kumbuyo, mzungu atafumbata Baibulo.
"Akhristu anzathu," ndinatero.
Anapukusa mutu. "Tchalitchicho chili m'hotela.
M'busayo mwina mkati mwa sabata amaphunzitsa Chingerezi.
Kwathu khanda timakalionetsa ku kachisi wa makolo,
ukwati timabwereka wa azungu,
maliro timapereka kwa ansembe a Buda."

Ndinati ndiseke,
koma khosi linakumbuka tayi ya ukwati wanga ku Katawa,
dzuwa la Okutobala, thukuta likutsikira m'masokosi.
Ndinakumbuka kuti Chawanangwa ndinamusiya pa khomo la sukulu,
ndinatuluka ndili Wellington,
ndipo bambo anga akalonjera adzukulu m'Chitumbuka
anawo amayang'ana ine kuti ndimasulire.

Mvula yowaza inayamba, ija ya kuno yosadziwa kuleka.
Tinabisala m'galimoto momwemo.
"Zombo zakuda zitaima pa doko lathu," anatero,
"agogo a agogo anga anameta tsitsi lomanga pamutu,
navala nsapato zowaluma zala,
naphunzira njanji, mfuti ndi foloko.
Tinameza mzungu kuti asatimeze.
Lero ukafunsa ali m'mimba mwa mnzake ndani,
aliyense amayang'ana wotchi."
Anapukuta nthunzi pa galasi ndi mkono wa juzi.
"Chovala cha mayi anga chili m'bokosi, chikununkha mankhwala a njenjete.
Lamba wake sinditha kumanga ndekha, ndimalipira munthu.
Chitenje ndinachidziwa tsiku limodzi."

Ndipamene ndinaona kathumba kofiira
kakulendewera kuseri kwa galasi loonera m'mbuyo,
kansalu kothetheka, komangidwa mfundo yachilendo.
Ndinatenga pulayala.
Dzanja lake linafika pa mkono wanga pulayala isanalume.
"Ichi ayi. Sichitsegulidwa.
Chimasunga a paulendo."
"Chithumwa?" ndinafunsa.
Mayi wa masamu, amene amati sapemphera kulikonse,
anaweramitsa mutu pang'ono, kwa kathumbako, osati kwa ine.
Sindinamuuze zomwe azakhali anasokera
m'kolala ya suti yanga ija.

A Zgambo anabwera madzulo ndi ambulera yothyoka nthiti.
"Mwamutseka pakamwa mzimayiyo?"
Ndinati waya wake wapita kutali, mpaka mu injini,
tikaudula galimoto sidzalira.
Bodza la mekaniki salifunsa kawiri.

Tsopano imanyamula anthu, Mzuzu mpaka Ekwendeni,
anayi kumbuyo, awiri kutsogolo, thumba la mbatata pa miyendo.
Ikadutsa pa Luwinga ndimaimika sipanala.
Kathumba kofiira kakugwedezeka pa mabampu,
ndipo mkatimo mayi uja, mwaulemu wake wonse,
akuuzabe anthu osamumva
kuti akapeza pokhotera, abwerere.