Kakapu ka M'mawa

Twaibu amadzuka nkhuku zisanatsike,
kuchoka ku Bangwe mpaka ku Gulupu,
minibasi ziwiri,
ndalama ya makala a mlongo wake.

Pa zenera, a Nachisale
amuyezera mankhwala m'kakapu.
Ameza, ayasamula kuti aone.
Manja aleka kunjenjemera.

Zinayamba ndi mwendo wothyoka pa kabaza.
Mapiritsi aja anameza ululu,
kenako wailesi, njinga,
mpaka dzina lake.

Tsopano amawotcherera mageti mpaka madzulo.
Koma Lemani analibe ya minibasi.
Lachiwiri anamupeza kuseri kwa msika,
milomo itada.

"Zenera ngati ili,
bwanji osalitsegulanso kwathu ku Bangwe?"
A Nachisale amuyang'ana nthawi yaitali,
atseka botolo,
aitana wotsatira.