Zitsekerero Zisanu

Ku koleji anatipatsa pepala la mizere:
chiyambi, mphindi zisanu;
thunthu la phunziro, khumi ndi zisanu;
mathero, zisanu.
Palibe mzere wa mamina.
Palibe bokosi lolembamo kuti
Tiyeseko wakodzera pamphasa
ndipo anzake atatu akuyeza dziwelo ndi zala.

M'mawa ndikatsika njinga ku Mchini, tayi ili pakhosi,
amayi a zitumbuwa pageti amakodolana:
"Mwamuna mzima, ndevu pepeya,
kukaimba a-e-i-o-u ndi tiana tonunkha mkaka?
Anasowa wilibala yokankha ku Kapata?"
Ndimawapatsa moni.
Chitumbuwa ndimagulabe, pangongole.

Ana makumi asanu kuchotsapo atatu,
timipando makumi awiri.
Nkhumbwizya amalira m'Chitumbuka,
Zelipa amandidzudzula m'Chinsenga,
koma Khuzwayo alibe chilankhulo.
Masabata asanu wakhala pakhomo,
chola atachikumbatira ngati nkhuku yogulitsa,
maso ali kuphiri la Kanjala.

Amayi Sakala, eni kalasi,
amangokweza chikope chimodzi, chipinda chonse zii.
Ine ndikakuwa mpaka mawu kusasa
ana amayesa ndi nyimbo yatsopano
nayamba kuwomba m'manja.

Usiku magetsi atapita
ndinatsuka zitsekerero za mabotolo pakandulo,
zotola kuseri kwa bala ku Nabvutika,
kuti fungo la mowa lisalowe m'masamu.
Ndinaziwerenga m'magulu a zisanu
mpaka ndinagona nditavala nsapato.

Lachitatu anafika a Miti a ku koleji, oyesa.
Anadzipinda pa kampando ka ana,
mawondo kufika kuchibwano,
pepala langa lili pabondo.
"Lero tiphunzira zisanu," ndinatero,
ndikugawa zitsekerero ngati mbewu.
Lekani anaziyika m'maso nasanduka kadzidzi.
Ena anayamba msika: ziwiri tomato, chimodzi sopo.
Zelipa anaima pamaso pa mlendo
nafunsa amene anawadyera tsitsi la pakati.
Cholembera chinayenda.
Kenako mvula pamalata,
ya matalala, yosamva kuti pali mayeso,
ndipo ndinakhala nsomba m'botolo,
kukamwa kukutseguka, mawu osatuluka.
Tiyeseko anakweza dzanja mochedwa.
Cholembera chinayendanso.

"Simunasunge nthawi," anatero a Miti pakhonde,
akuwongola msana.
"Kalasi yakulakani. Cholinga cha phunziro sichinaoneke.
Tidzabweranso."
Galimoto inawaza matope nipita.

Ndinagwada kutola zitsekerero pansi pa timipando.
Ndinaganiza za ng'ombe ya atate ku Chadiza,
ija yamawanga, inasanduka fizi.
Ndinaganiza za wilibala.

Pamenepo kanthu kanandikoka tayi.
Khuzwayo.
Chola wachisiya pakhomo, chokha.
Anatambasula dzanja langa ngati la mwana
nayikamo chitsekerero.
"Chimodzi."
Mawu okhuthala, a munthu wodzuka kumene.
"Ziwiri. Zitatu."
Anapuma. Mvula inali itakata.
"Zinayi."
Anayang'ana pansi, anayang'ana m'thumba,
kenaka anapisa chala m'tsaya
natulutsa chomaliza, chonyowa, chofunda,
chimene ndikanayenera kuchiona kale
chisanafike kukhosi.
"Zisanu."

Mtima unagunda kawiri:
koyamba mantha, kachiwiri sindidziwa dzina lake.
Ndinacheuka kufuna mboni.
Kampando ka a Miti kanali kagada,
ndipo papepala lawo, ngakhale akanakhalapo,
mzere wa malovu palibe.

Amayi Sakala okha, ali ndi tsache pakhomo,
anaona zonse osakweza chikope.
"Kasambeni m'manja, aphunzitsi," anatero.
"Mawa mugawe miyala ikuluikulu, yosalowa m'kamwa.
Ndipo tayiyo muisiye kunyumba,
adzakupachikani nayo."
Anasesa pang'ono, naima.
"Ine chaka changa choyamba
ndinkalirira m'chimbudzi muja, chitseko chilibe loko.
Bweretsani ndowa, mphasa ikudikira."