Uthenga wa Jafali

Foni yalira ndikuyala tomato pa Mpondabwino.
Ndi Jafali, mlongo wanga, watumiza mawu,
kumbuyo kwake mkokomo ngati chigayo cha patali.
Akuti nyanja yamchere imalira choncho.

Akuti usiku wathawu nkhasi inatuluka m'madzi,
msana wake kuposa beseni langa lalikulu lija.
Inakwawa, n'kupuma, n'kukwawanso,
inakumba ndi miyendo yakumbuyo
n'kuikira mazira zana ndi khumi ndi anayi.
Iye amawerenga atagwada,
tochi atamanga kansalu kofiira
poti kuwala koyera kumaibweza isanamalize.

Sabata ino, akutero, kukudutsa mpikisano wa ngalawa za matanga.
Zimathamanga ndi mphepo yokha, popanda injini,
matanga otalika kuposa mabulugamu a ku Chinamwali.
Anthu adzaza mahotela, nyali zikuyaka mpaka m'bandakucha,
ndipo tiana tikaswa timalondola nyalizo
kusiya mwezi uli pamadzi.
Dzulo watola makumi atatu m'ngalande ya msewu,
tisanu titauma kale.
Wapambana mpikisano ndani? Sakudziwa.
Anali chiweramire ndi ndowa.

Ine nyanja ndimadziwa ya ku Kachulu,
ija imaphwa n'kusiya mabwato pamatope.
Likangala amanyamula majumbo athu kukatula ku Chilwa
ndipo amathera pomwepo.
Madzi a ku Zomba safika kwa Jafali.
Za kwa iye zimatipeza ndi chiperoni basi,
kamvula kozizira kotsamira paphiri mwezi wa Juni
kondiwoletsera tomato.

Chakumapeto akuseka, akuti achemwali mukudziwa?
Kamwana kakakazi kakapulumuka akhwangwala, nkhanu ndi maukonde,
kamayenda zaka makumi awiri, mwina atatu,
kenaka kamabwerera pamchenga womwe kanaswera.
Palibe amakalozera njira.

Madzulo ndawatsegulira amayi uthengawo ku Matawale,
magetsi atazima, foni ili pa bondo lawo.
Amvera kawiri.
Za ngalawa sanafunse.
Afunsa ngati nkhasizo zimadyedwa, ndati ayi, n'zoletsedwa,
ndiye ntchito yake imeneyo.
Akhala chete, akupukuta galasi la foni ndi chitenje.

Zaka makumi atatu, atero.
Iyeyu zangokwana zisanu ndi ziwiri.
Umuuze mchenga wake ulipo,
ndimasesa m'mawa uliwonse.