Kabudula wa Pepo

Ine Ngaire ndimasoka makabudula a nkhalamba.
Makina anga ndi opalasa ndi phazi, akale kuposa mpikisanowu,
ndipo mbiri yake yonse ili m'kope langa la miyeso ya m'chiuno.

Chaka choyamba anabwera pa basi yobwereka kusukulu
ndi ndege imodzi yochedwa,
amuna amene nyuzipepala zinali zitawaiwala,
mawondo akulira ngati chitseko cha khola la nkhosa.
Ankati tikungofuna kugwanso m'matope kamodzi,
kamodzi kokha, tisanagule ndodo.
Mvula ya kuno ku Whanganui inawamvera.

Zigoli palibe anawerenga.
Mlembi anayesa, pensulo inanyowa,
ndipo chiyambire tsikulo masewera onse amathera pofanana.

Patsamba lachitatu pali mwamuna wanga Rewi,
zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, kabudula woyera.
Pansi pake Idwal wa ku Wales, wokumba malasha,
amene anamuthyola mphuno Loweruka masana
n'kumugulira mowa madzulo ake,
akuimba ndi mawu onga ng'ombe ili m'chitsime.

Kenaka anthu anachuluka.
Anabwera a ku Tonga ndi azakhali awo onse,
a ku Japan ogwadira bwalo asanaliponde,
Eusebio wa ku Rosario ndi mano ake m'kabotolo.
Mpira wonga dzira uja unayamba kuwoloka nyanja,
chaka chino kwathu, china kwawo,
ine m'mbuyo ndi tepi yanga m'khosi.
Ziuno zinkakula, miyendo ikuonda.
Ndinkalemba osaseka.

Malamulo a mitundu anadza titaika maliro awiri.
Wofika zaka makumi asanu ndi limodzi avale wofiira:
mugwireni, koma musamugwetse.
Akapitirira avale wagolide: mkhudzeni chabe.
Akafika pa pepo, mpatukireni adutse.

Rewi anadana nawo wa pepo.
Ndinamusokera usiku, iye akuyang'ana kukhoma.
Mawa lake anathamanga ndi mpira pachifuwa,
anyamata a zaka makumi asanu akupatuka, akuwomba m'manja,
iye n'kuugwetsa pamzere popanda womuletsa.
Pobwerera m'galimoto anati,
Ngaire, ulemu umapweteka kuposa chigongono.
Andiika m'manda ndili chiimire.

Zinatero zaka zinayi.

Ndiye kunabwera Loweruka lija la mphepo.
Rewi walandira mpira, njira yatseguka monga mwa masiku onse,
koma kutsogolo kwaima kabudula wina wa pepo,
msoko wanga womwe, wokhota pang'ono kumanzere.
Idwal sanapatuke.
Anawerama pang'onopang'ono ngati akutola ndalama,
phewa m'mimba mwa mnzake,
onse awiri khu! m'thope.

Wezulo inalira mpaka woimbira anatsokomola.
Adokotala anathamanga, ine mtima uli m'kamwa.
Tinawapeza chagada, mvula ikuwagwera m'mano,
akuseka mosatulutsa mawu.
Rewi anathyoka nthiti imodzi.
Anaisamala miyezi iwiri ngati khanda,
aliyense wobwera kunyumba ankamugwiritsa pamalopo.

Akomiti anakhala pansi, analemba kalata yodzudzula.
Ili m'felemu pamwamba pa wailesi.

Chaka chino Idwal sanabwere.
Kunabwera phukusi lochokera kwa mwana wake Nerys,
m'kati kabudula uja, wosachapa,
thope la kwathu litauma pa thako lamanja,
ndi kapepala: bambo anati mudziwa chochita naye.

Sindikudziwa.
Ndamupachika pamsomali kuseri kwa makina.
Rewi akalowa kudzafuna lumo amachedwa kutuluka.

Mawa kukubwera timu yatsopano ya ku Fiji,
amuna makumi awiri oti ndiwayeze.
Kope latsala masamba asanu.
Dzina la Idwal sindinalikhwatche,
ndangolemba pambali ndi pensulo:
m'chiuno mainchesi makumi anayi ndi awiri,
amakonda lamba wothina.