Masamba Otsiriza

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana kusitolo ya feteleza
anzanga amathamangira kuchiwaya.
Ine ndimapukuta manja pathalauza,
kudumpha ngalande, kuzemba akabaza,
ulendo wa kulaibulale.

M'menemo mumamveka kafungo ka chigafa fodya atachoka,
fumbi lokoma, pepala lokalamba, polishi wapansi.
A Kamchedzera, magalasi ali pamphuno,
sadzutsa n'komwe mutu:
"Chikwama pashelefu, achimwene."
Zaka zisanu ndi chimodzi, moni wake ndi yemweyo.

Ndili ndi mpando wanga wotsimphina mwendo
pawindo loyang'ana phiri la Kasungu.
Magetsi akathima ndilibe nazo,
dzuwa silifuna mayunitsi.
Ndimayendetsa chala m'misana ya mabuku
ngati wogula mbuzi pamsika wa Santhe:
ili lanenepa koma mulibe kanthu,
ili ndi lowonda, chiswe chidalawa kale,
koma talitsegulani mumve kulira kwake.
Wina adalibwereka ine ndisanabadwe,
wina adaiwalamo tikiti ya basi ya ku Mzimba,
wina adalemba ndi pensulo m'mbali: "Bodza ili!"
Ine ndidayankha pansi pake: "Werenganinso, bwana."
A Kamchedzera asamve.

Koma londisowetsa tulo ndidalitola panja,
pamulu wa Fakisoni kudepoti,
pakati pa nsapato za kaunjika ndi machaja a foni.
Chikuto lilibe, dzina la mlembi lilibe.
Tidakangana mtengo mpaka minibasi ziwiri zidadzaza n'kunyamuka.
Nkhani ya telala wosunga suti
ya munthu amene adalipira koma osabwera.
Mausiku atatu ndi tochi ya foni,
mkazi wanga akung'ung'udza m'bulangete,
ndipo telala atangomva kugogoda pachitseko
buku lidathera pompo.
Tsamba 186. Kutsogoloko ulusi wokhawokha.

A Kamchedzera adavula magalasi, koyamba chiwadziwireni.
"Mlembi ndani?" Kaya.
"Mutu wake?" Kaya.
"Ndiye mukufuna ndikuombezereni?"
Tidagwedeza mashelefu onse mpaka chimfine.
Fakisoni adakanda m'mutu:
"Masamba othothoka, bigi, ndimagulitsa pakilo
kwa amayi okazinga mtedza."

Basi, ndidasanduka mbewa ya m'tauni muno.
Mtedza wa pageti la chipatala: masamu a Fomu 2.
Wa kuseri kwa banki: mitengo ya soya ya chaka chatha.
Wa pamphambano ya ku Mchinji: kalata ya ngongole ya munthu wosamudziwa.
Lachinayi lina, mphepo ya Juni ikuluma makutu,
Mayi Zelifa adandipatsa kaphukusi kofunda,
ndidatambasula, mchere uli waa,
telala wanga uyu! Tsamba 191, mafuta okhaokha,
ali pamsana pa lole, suti ili pamiyendo.
Wakwera bwanji? Akupita kuti?
Ndidagula beseni lonse.
Mayiwo adandiyang'ana ngati ndagwa nayo misala,
kenaka n'kuwonjezera basera.

Pamphasa usikuwo ndidayala zomwe ndapha:
191, 197, 203, ndi theka la 208.
Ndidazisita ndi ayironi yamakala, mkazi wanga akuseka,
ana akutafuna mtedza mpaka kukana chakudya.
Pamene pali mipata ndimasoka ndekha,
lero telala wapeza mwini suti ali moyo,
mawa wapeza manda.

Tsamba lotsiriza lidapita ndi wina.
Mwina mlonda wa ku Chinkhoma adayatsira mbaula,
mwina mwana wasukulu adaliwerenga akunyambita zala,
akudziwa mathero a nkhani imene sadaiyambe.
Ngati ndi iwe, mnzanga, ndili pawindo lija
kuyambira 12 koloko mpaka 1.
Mpando winawo ndi wabwinobwino.
Ungosiya chikwama pashelefu.